Malamulo ndi Kayankhulidwe ka pa Wayilesi pa Njanji za Sitima Zamagetsi

Mawu otsogolera

Kuno ku Malawi sitima zapamtunda zimayendera dizilo ndipo zimadutsa mwa apo ndi apo. M'mizinda ikuluikulu monga London, Brussels ndi Johannesburg muli sitima za mtundu wina. Izi zimayendera magetsi, zimanyamula anthu opita ndi kuchokera ku ntchito, ndipo zimatsatana pa njanji imodzi pakangopita mphindi zochepa. Pa siteshoni ya Clapham Junction yokha, kummwera kwa London, pamadutsa sitima pafupifupi 2,000 pa tsiku. Kodi sitima zochuluka chotere zimapewana bwanji?

Ambiri angayankhe kuti ndi makina. Yankho limeneli ndi loona koma silikukwanira. Makina akawonongeka, kapena pakagwa zadzidzidzi, chimene chimatsala ndi anthu awiri amene sakuonana, wina ali m'sitima ndipo wina ali patali m'nyumba yoyang'anira njanji, akuyankhulana pa wayilesi. Cholinga cha chimangirizo chino ndi kufotokoza malamulo oyendetsera sitima zotere potengera chitsanzo cha dziko la Britain, ndi kuonetsa kuti m'malamulowo kayankhulidwe kamatengedwa ngati chida chotetezera moyo, chimodzimodzi mabuleki. Kenako tiona ngozi zitatu za ku Britain, Belgium ndi South Africa, zimene zikuonetsa njira zitatu zomwe uthenga ungalepherere kufika.

Sitima siyendera maso a dalaivala okha

Dalaivala wa minibasi akaona ng'ombe pamsewu amaponda buleki kapena kukhotetsa chiwongolero. Dalaivala wa sitima alibe mwayi umenewu. Sitima ilibe chiwongolero, ndipo magudumu ake achitsulo amagubuduzika pa chitsulo chinzake, choncho sagwira msanga mabuleki akamangidwa. Sitima yothamanga makilomita 100 pa ola imafuna mamita mazana angapo kuti iime. Nthawi zambiri dalaivala akamaona sitima ina kutsogolo, mpata woti aime umakhala utatha kale.

Pa chifukwa chimenechi njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo tsinde la malamulo onse ndi lakuti m'chigawo chimodzi muzikhala sitima imodzi basi. Polowera m'chigawo chilichonse pamakhala siginolo, yomwe ndi nyali yofanana ndi maloboti a pamsewu. Ku Britain nyali yofiira imatanthauza kuti sitima iime. Yachikasu imodzi imachenjeza kuti siginolo yotsatira ndi yofiira. Zachikasu ziwiri zimanena kuti yotsatira ndi yachikasu imodzi, ndipo yobiriwira imati njira ili bwino. Motero dalaivala amayamba kuchepetsa liwiro akadali kutali ndi pamene ayenera kuima.

Nanga siginolo imadziwa bwanji kuti m'chigawo muli sitima? Njira yakale koma yofala ndi iyi: m'zitsulo ziwiri za njanji mumayenda timagetsi tochepa mphamvu topita ku chipangizo cha kumapeto kwa chigawo. Sitima ikalowa, magudumu ake amalumikiza zitsulo ziwirizo, timagetsi tija sitifikanso ku chipangizocho, ndipo siginolo ya kumbuyo kwa sitima imafiira. Nzeru yake ili apa: nthambo ikaduka timagetsi sitifikanso, choncho siginolo imafiira ngakhale m'chigawo mulibe sitima. Makinawo adapangidwa moti akawonongeka aziimitsa sitima, osati kuzilola kupita.

M'chipinda cha dalaivala mulinso chipangizo chimene chimalira sitima ikamayandikira siginolo yosakhala yobiriwira, ndipo dalaivala akapanda kuchiyankha pokanikiza batani, mabuleki amadzimanga okha. Ngozi ya ku Ladbroke Grove ya pa 5 Okutobala 1999, imene idapha anthu 31 sitima itapitirira siginolo yofiira, idafulumizitsa ntchito yoika chipangizo china chotchedwa TPWS, chomwe chimaimitsa sitima yolumpha siginolo yofiira.

Pamwamba pa makina onsewa pali anthu atatu ofunika kuwadziwa: dalaivala, woyang'anira masiginolo ndi woyang'anira magetsi. Zoyenera kuchita aliyense mwa iwo zidalembedwa m'buku la malamulo limene limasamalidwa ndi bungwe la Rail Safety and Standards Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2003.

Malamulo okhudza magetsi

Kummwera kwa mtsinje wa Thames sitima zambiri zimatenga mphamvu kuchokera ku chitsulo chachitatu chogonekedwa m'mbali mwa njanji, chonyamula mavolti 750. Njanji zina zili ndi mawaya am'mwamba a mavolti 25,000. Poyerekeza, magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230 okha. Moto wa m'mawaya am'mwamba umatha kulumphira munthu asanawakhudze n'komwe. N'chifukwa chake lamulo limati munthu, pamodzi ndi chilichonse chimene wanyamula, atalikirane ndi mawayawo ndi mamita osachepera 2.75.

Vuto la magetsi ndi lakuti saoneka. Chitsulo chokhala ndi moto ndi chitsulo chozima zimaoneka chimodzimodzi. Motero lamulo limati wogwira ntchito aziganiza kuti zitsulo ndi mawaya onse ali ndi moto nthawi zonse, kufikira atatsimikiziridwa mwa dongosolo kuti azima. Pakagwa ngozi, mwachitsanzo munthu akagwera pa njanji, wogwira ntchito aliyense angathe kupempha kuti magetsi azimitsidwe msanga. Iye amayenera kudzitchula, kunena malo enieni ndi njanji imene yakhudzidwa, kufotokoza chifukwa chake, ndi kudikira mpaka woyang'anira magetsi atamuuza kuti azimadi. Ngakhale atauzidwa choncho, mawaya am'mwamba sagwiridwa kufikira amisiri atawayeza ndi kuwalumikiza kunthaka. Apa tikuona kuti moyo wa munthu wopita kukapulumutsa mnzake umadalira chiganizo chimodzi chochokera kwa munthu amene ali kutali, komanso kuti chiganizocho chikunena za njanji yomweyo imene iye waimapo osati yoyandikana nayo.

Kuchokera pa lamya ya pamtengo kufika pa wayilesi

Kale dalaivala akafuna kuyankhula ndi woyang'anira masiginolo ankaimitsa sitima, n'kutsika, n'kupita pa lamya yopachikidwa pa mtengo wa siginolo. Woyang'anira masiginolo adalibe njira yoyankhulira ndi sitima imene ikuyenda. Sitima ikachita ngozi, wogwira ntchito wina ankayenda wapansi mtunda wa makilomita 2 kukatchera pa njanji timabomba titatu totalikirana mamita 20, toti tiphulike tikapondedwa ndi gudumu ndi kuchenjeza sitima yobwera.

Masiku ano sitima za ku Britain, monganso za m'mayiko ambiri a ku Ulaya, zimagwiritsa ntchito wayilesi yotchedwa GSM-R. Ntchito yoiika pa njanji za ku Britain idatha chapakati pa zaka za m'ma 2010. Wayilesiyi ndi pachibale ndi foni ya m'manja koma ili ndi zake. Poyamba ulendo dalaivala amalembetsa nambala ya sitima yake, moti akaimba, woyang'anira masiginolo a dera limene sitimayo ili ndi amene amalandira, ndipo amaoneratu kuti ndi sitima iti ikuimba. Uthenga wa ngozi umadula macheza ena onse. Pa wayilesiyo pali batani lofiira, ndipo likakanikizidwa, woyang'anira masiginolo pamodzi ndi madalaivala onse a m'deralo amamva nthawi yomweyo. Lamulo limati dalaivala aliyense wolandira uthenga umenewu aimitse sitima pompo ndi kumvetsera. Pa uthenga wotere amayankhula munthu mmodzi pa nthawi, atakanikiza batani, monga zimachitikira ndi maovaova a apolisi. Dalaivala akakomoka n'kuleka kuponda chopondera chake, sitima imaima yokha ndipo wayilesi imadziwitsa woyang'anira masiginolo. Zokambirana zonse zimajambulidwa kuti akuluakulu azimvetsera poyesa antchito ndi pofufuza ngozi.

Wayilesi ina yotchedwa FRMCS, yodalira 5G, ikukonzedwa kuti idzalowe m'malo mwa GSM-R. Komabe malamulo a kayankhulidwe amene tikufotokoza m'munsimu sadalira mtundu wa wayilesi.

Malamulo a kayankhulidwe

Antchito a pa njanji ku Britain amaphunzitsidwa kuti uthenga wokhudza chitetezo ukhale wolondola, waufupi ndi womveka. Mfundo imeneyi imakwaniritsidwa kudzera m'malamulo angapo.

Loyamba ndi lakuti aliyense adzitchule. Woimba anene ntchito yake ndi pamene ali, ndipo atsimikize kuti akuyankhula ndi munthu woyenera. Chilolezo choperekedwa kwa dalaivala wolakwika ndi choopsa kuposa kusapereka chilolezo n'komwe.

Lachiwiri ndi lakuti kukambirana kulikonse kuli ndi mtsogoleri wake. Dalaivala akamayankhula ndi woyang'anira masiginolo, wotsogolera ndi woyang'anira masiginolo. Koma pamene woyang'anira magetsi ali nawo, iyeyo ndiye amatsogolera aliyense. Udindo wa mtsogoleri ndi kuona kuti onse awiri amvana bwinobwino kukambirana kusanathe.

Lachitatu likukhudza malembo ndi manambala. Pa wayilesi yaphokoso malembo monga B, D, P ndi T amamveka mofanana, choncho lembo lililonse lili ndi liwu lake lodziwika padziko lonse: Alpha, Bravo, Charlie mpaka Zulu. Manambala amatchulidwa imodziimodzi. Siginolo ya WF138 imatchulidwa kuti "Whiskey Foxtrot one three eight". Chifukwa chake tikuchidziwa, pakuti nafe pamsika timafunsa kawiri ngati wogulitsa wati fifitini kapena fifite.

Lachinayi ndi kugwiritsa ntchito mawu oikika. Wonena za ngozi amayamba ndi mawu akuti "this is an emergency call" kuti womvera asiye zonse. Wolakwitsa pakati pa uthenga amati "correction" n'kunenanso molondola. Chochititsa chidwi kwa ophunzira chiyankhulo ndi chakuti antchito amaletsedwa kunena kuti "not clear" pofotokoza njanji imene yatsekeka. M'malo mwake amati "line blocked". Wayilesi ikadukiza pang'ono, liwu loti "not" likhoza kusowa ndipo womvera angamve "clear" yekha, lomwe ndi tanthauzo lotsutsana kotheratu ndi limene lidanenedwa.

Lachisanu, lomwe ndi lalikulu pa onse, ndi kubwereza uthenga. Wolandira uthenga amaubwereza, ndipo woupereka amamvetsera kuti aone ngati wafika monga adaunenera. Kuyankha kuti "chabwino" kapena "ndamva" sikokwanira, chifukwa mawu amenewa amangosonyeza kuti khutu lagwira kanthu, koma saonetsa chimene lagwira.

Pamene mawu alowa m'malo mwa siginolo

Malamulo amenewa amafunika kwambiri siginolo ikawonongeka n'kukhala yofiira osasintha. Sitima zodzaza anthu sizingangoima tsiku lonse, choncho woyang'anira masiginolo, atatsimikiza kuti njira yakonzedwa bwino, amatha kulola dalaivala kudutsa siginolo yofiira. Nachi chitsanzo chongoyerekeza cha mmene kukambirana kotere kumayendera, tikakuika m'Chichewa:

Dalaivala: Ndine dalaivala wa sitima two Kilo one four. Ndaima pa siginolo Whiskey one two zero.

Woyang'anira: Ndine woyang'anira masiginolo a dera limenelo. Ndamva kuti ndinu dalaivala wa two Kilo one four ndipo mwaima pa Whiskey one two zero. Siginolo imeneyo yawonongeka. Ndikukulolani kuidutsa ili yofiira. Muyende mosamala mpaka pa siginolo yotsatira ndipo muimvere. Bwerezani.

Dalaivala: Siginolo Whiskey one two zero yawonongeka. Mwandilola kuidutsa ili yofiira. Ndiyende mosamala mpaka pa siginolo yotsatira ndipo ndiimvere.

Woyang'anira: Mwabwereza molondola.

M'kukambirana kumeneku mulibe malonje kapena nkhambakamwa. Chilolezo ndi cha sitima imodzi ndi siginolo imodzi yokha. Ngakhale kuyenda mosamala kuli ndi tanthauzo lake loikika, lomwe ndi kuyenda pa liwiro loti dalaivala angathe kuima mkati mwa mtunda umene akuuona kuti ulibe chotchinga. Pa mphindi zimenezi makina otetezera aja achoka pa ntchito, ndipo mawu a anthu awiriwa ndi amene asanduka siginolo.

Ngozi zitatu

Ngozi yoyamba idachitika pafupi ndi Clapham Junction pa 12 Disembala 1988, nthawi itangopitirira 8 koloko m'mawa. Dalaivala wa sitima yochokera ku Basingstoke adaona siginolo ya WF138 ikusintha mwadzidzidzi kuchoka pa yobiriwira kukhala yofiira, iye atayandikira kale moti sakadatha kuima. Adakaima pa siginolo yotsatira n'kutsika kukanena pa lamya. Sitima yake ili chiimire, siginolo ya kumbuyo kwake siidaonetse kufiira monga idayenera, ndipo sitima ina yodzaza anthu idadzaigunda kumbuyo. Sitima yachitatu yopanda anthu, imene inkadutsa pa njanji yoyandikana, idawomba zidutswazo. Anthu 35 adafa ndipo pafupifupi 500 adavulala. Gwero lake lidali nthambo yakale imene idasiyidwa yosadulidwa ndi yosakutidwa pa ntchito yosintha masiginolo, ndi mmisiri amene pa masabata 13 otsatizana adapuma tsiku limodzi lokha. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Anthony Hidden adatuluka mu 1989 ndi mfundo 93, ndipo imodzi mwa izo idali yoti m'sitima muikidwe wayilesi yolumikiza dalaivala ndi woyang'anira masiginolo. Pa tsikulo woyang'anira masiginolo, ngakhale atamva za ngoziyo, adalibe njira yoyankhulira ndi madalaivala amene adali pa ulendo.

Ngozi yachiwiri ikutitengera ku Belgium, dziko limene kumpoto kwake anthu amayankhula Chidatchi ndipo kummwera amayankhula Chifalansa. Njanji yamagetsi yochokera ku Leuven kupita ku Wavre imadutsa malire a ziyankhulo ziwirizi. M'mawa wa pa 27 Malichi 2001 sitima yopanda anthu idanyamuka ku Wavre siginolo ili yofiira, n'kulowa pa njanji ya sitima zobwera. Woyang'anira masiginolo ku Wavre adaona zimenezi ndipo adaimbira mnzake wa ku Leuven kuti aletse sitima ya anthu imene inkabwera pa njanji yomweyo. Iye ankayankhula Chifalansa, mnzakeyo Chidatchi, ndipo sadamvane. Adayesanso kupempha kuti magetsi azimitsidwe, koma zimenezi zidayenera kudzera ku Brussels ndipo sizidachitike m'nthawi yake. Pasanathe mphindi 10 sitima ziwirizo zidawombana pa mudzi wa Pécrot. Anthu 8 adafa, kuphatikizapo madalaivala onse awiri, ndipo 12 adavulala. Apa lamya idalipo ndipo munthu wodziwa zoona adalipo, koma padalibe chiyankhulo chimodzi chonyamulira uthengawo.

Ngozi yachitatu ndi ya ku South Africa, kumene Amalawi ambiri okhala ku Johannesburg ndi Pretoria akhala akukwera sitima zamagetsi za Metrorail popita ku ntchito. Kumeneko kuba mawaya ndi kuwononga zipangizo kudachititsa kuti masiginolo a m'madera ambiri asamagwire ntchito, moti kuloleza sitima ndi mawu, komwe kumayenera kukhala kwa apo ndi apo, kudasanduka chizolowezi cha tsiku ndi tsiku. Pa 8 Januwale 2019 sitima ina idagunda inzake imene idaima pa siteshoni ya Mountain View ku Pretoria. Anthu osachepera 3 adafa ndipo oposa 600 adavulala. Bungwe la Railway Safety Regulator, pa kafukufuku wake woyambirira, lidapeza kuti dalaivala adabwereza molakwika chilolezo chimene adapatsidwa, ndipo woyang'anira sitima adavomereza zolakwikazo. Lidapezanso kuti awiriwo sadatsate lamulo la chiyankhulo pokambirana. Apa mwambo wa kubwereza udachitika, koma wofunika kumvetsera sadagwire cholakwikacho.

Zimene wophunzira chiyankhulo angatolepo

Choyamba, chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku chimadalira kwambiri zinthu zimene pa wayilesi palibe, monga nkhope, manja ndi malo amene onse awiri akuwaona. Mawu monga "apa", "uko" ndi "sitima ija" amamveka bwino kwa anthu okhala pamodzi, koma alibe ntchito kwa anthu otalikirana makilomita ambiri. Malamulo a pa njanji amachotsa mawu oterewa n'kuikapo mayina ndi manambala.

Chachiwiri, mfundo ya "not clear" ija ikukhudza Chichewa mwina kuposa Chingerezi. M'chiyankhulo chathu kukana kumanyamulidwa ndi phatikizo limodzi lomatidwa ku mneni. Pakati pa "mupite" ndi "musapite" pali -sa- yekha, ndipo pakati pa "ikubwera" ndi "sikubwera" kusiyana kuli pa liwu loyamba, lomwe ndi losavuta kudulidwa munthu akayamba kuyankhula asanakanikize bwino batani. Aliyense wofuna kukonza mawu a Chichewa ogwiritsa ntchito pa wayilesi ya apolisi, ya ambulansi kapena ya pa nyanja angachite bwino kusankha aneni osiyana kotheratu, monga "imani" ndi "pitani", kusiyana ndi kudalira phatikizo lokanira.

Chachitatu, ulemu ndi chitetezo nthawi zina zimakokana. Mwa chikhalidwe chathu wamng'ono sadula mawu a wamkulu, ndipo kuuza munthu kuti abwereze zimene wauzidwa kungamveke ngati kumukayikira nzeru. Lamulo la pa njanji limachotsa manyazi amenewa polamula aliyense kubwereza, kaya ndi wamkulu kapena wamng'ono, kaya wagwira ntchito zaka zambiri kapena wangoyamba kumene. Makolo adati safunsa adadya phula, ndipo pa njanji kufunsa kudachita kulembedwa kukhala udindo.

Chachinayi, nkhani ya ku Pécrot ikuonetsa kuti ndondomeko ya ziyankhulo m'dziko si nkhani ya m'kalasi kapena ya ndale yokha. Malamulo a European Union amafuna kuti dalaivala wa sitima azidziwa chiyankhulo chogwiritsidwa ntchito pa njanji imene akuyendapo kufika pa mlingo wa B1. Kusankha chiyankhulo cha pa ntchito, kuchiphunzitsa ndi kuyesa ochigwiritsa ntchito ndi gawo la akatswiri a ziyankhulo.

Mawu otsiriza

Chimangirizo chino chaonetsa kuti sitima zamagetsi za m'mizinda zimatetezedwa ndi zigawo za njanji, masiginolo ndi mabuleki odzimanga okha, ndipo kuti zimenezi zikalephera kapena magetsi akafunika kuzimitsidwa msanga, udindo umagwera pa mawu a dalaivala, woyang'anira masiginolo ndi woyang'anira magetsi. Ku Clapham Junction kudalibe njira yofikira madalaivala amene adali pa ulendo. Ku Pécrot njira idalipo koma chiyankhulo chidasiyana. Ku Mountain View uthenga udabwerezedwa koma sudamvetseredwe. Wayilesi yamakono imathetsa vuto loyamba lokha. Mavuto awiri otsalawo amafuna maphunziro a chiyankhulo, mawu osankhidwa mosamala, ndi antchito amene amamvetsera kubwereza kwa mnzawo ngakhale atakumva kale kambirimbiri tsiku lomwelo.